Khola Lachiwiri

Ku Ulongwe chisanu cha Juni chimandiyambirira kudzuka,
ndimachipeza chitakhala kale pakhomo,
pambali pa beseni la mankhwala
momwe ndimaviika jombo ndisanalowe.

Anapiye makumi asanu ndi limodzi anabwera m'makatoni,
akulira msewu wonse kuchokera ku Tete.
A Dokotala Belimira anawagawa patatu
monga tisankhira mbewu ya mbatatesi:
awa katemera kaye, kenako matenda;
awa matenda okhaokha;
awa asakhudzidwe, akhale mboni.
Ine ndinawaveka timphete m'miyendo.
Anati, Zakeyu, nambala ndi yokwanira,
usawapatse mayina.

Tsiku la kadontho ndinagwira ndine.
Kamtima kanali kugunda pachala changa,
kamlomo ndinakakanula ndi chikhadabo.
Madziwo anali oyera mbee, ngati a pamjigo.
A Dokotala akuti m'dontho limodzi
muli mabakiteriya oposa anthu a m'chigawo chino.
Ndinayang'ana. Sindinaone ngakhale mmodzi.

Kwathu ku Domwe nkhuku ikagwa timati chitopa, basi.
Chaka chatha amayi anataya khumi ndi zinayi
sabata imodzi,
ya fizi ya mlongo wanga Odete inali momwemo.
Kuno ndaphunzira kuti imfa ya nkhuku
ili ndi mafuko, ndi ziwongo zake,
ina imamva mankhwala, ina inawazolowera.

Tsiku lachinayi khola lachiwiri linatonthola.
Nambala 27,
uja wokonda kujompha chingwe cha jombo yanga,
anaima pakona, mapiko ali lende
ngati jekete yobwereka.
Ndinamuika pasikelo. Ndinalemba magalamu.
Ndinalemba mtundu wa chitosi, nthawi, maso otsinzina.
M'kope mulibe mzere
wolembamo kuti lero sanabwere ku jombo.

Magetsi anathima usiku umenewo,
ife eni ake a Kahora Basa,
ndinakoleza mbaula zitatu, khola lililonse yake,
kuti chisanu chisabe ntchito ya matenda
n'kutisokonezera masamu.

M'mawa a Dokotala anati, wavutika mokwanira,
ndipo anachita mwachangu, mosalankhula.
Patebulo lachitsulo anandionetsa chiwindi,
chotupa, chobiriwira ngati ndalama yakale.
Anapaka pang'ono m'timbale tagalasi.
Kutacha tinapeza timadontho tamera,
munda wa mdani, wopanda msera.

A Gervaziyo, alonda a pageti, anandinong'oneza:
zakufazo bwanji osandipatsa, moto umapha zonse.
Ndinakana. Anati sukulu yandiwononga.
Ndinatentha ndekha kudzenje, ndi palafini,
utsi n'kulowera ku mapiri a ku Dedza.

Koma khola loyamba!
Kumeneko ndi phokoso la pamsika,
kulimbirana chakudya, kukwerana pamsana,
mwa makumi awiri wadwala mmodzi yekha.
A Dokotala akuti tisasangalale msanga,
tibwerezanso mu Ogasiti, ndi ena,
pepala limodzi silichiritsa mudzi.

Ndatsuka khola lachiwiri ndi laimu.
Timphete ndawiritsa, ndayanika pawaya.
Ka 27 ndinakagwira nthawi yaitali,
kenako ndinakabwezera pa tinzake,
poti kali m'kaundula wa katundu
ndipo mu Ogasiti kadzafunika mwendo wina.

Loweruka ndipita ku Domwe.
Amayi agula msoti ndi tambala pa ngongole.
Adzafunsa ngati mankhwala aja apezeka.
Ndidzati, akubwera,
ndipo ndidzavula nsapato kutali ndi khola lawo.