Anawerenga Mitu

Msonkhano unali Lachiwiri, m'kalasi yobwereka ku Katoto,
mawindo otseka chifukwa cha chisanu cha Juni.
Ndinafika mochedwa pa sakaramento,
matope a ku Mchengautuwa ali m'thalauza mpaka m'mawondo,
ndipo ndinapeza atagawa kale.

A Luhanga, choko m'manja, anati lamulo lake ndi losavuta:
sukulu ya ana opyola mazana asanu ndi atatu, gulu loyamba;
yochepera apo, gulu lachiwiri.
Kaundula sanama, anatero, akupukutira zala pa jekete.
Ife tili mazana asanu ndi anayi, ndi kakhumi pamwamba.
Dzina lathu linali kale pa bolodi,
pansi pa sukulu yogonera ija ya mpanda wa njerwa
imene imathirira bwalo lake ndi paipi m'chilimwe.

Ndinakweza mkono. Ndinati,
mwawerenga mitu, akuluakulu, nanga mapazi?
Anaseka, kuyesa nthabwala.

Mwa mazana athuwo, theka amalowa masana
anzawo akatuluka, mabenchi akadali ofunda.
Belu likalira Fumbani amathamangira ku depoti
kukagulitsa nthochi za amayi ake m'mawindo a minibasi.
Sangwani amasenza matabwa ku Zigwagwa mpaka mdima.
Goloboyi wanga Chawezi anasowa milungu itatu, nkhani ya fizi,
koma m'kaundula analimo, wathunthu,
akutilemeretsa pa sikelo.

Loweruka tinapita.
Anyamata khumi ndi mmodzi, nsapato za anthu asanu ndi awiri.
Sangwani, womenya ndi mwendo wamanzere, anatenga yakumanzere,
yakumanja nkugwera Fumbani.
Anzathuwo anatsika m'basi yawoyawo, yolembedwa dzina m'nthiti,
ena khumi nkukhala pa benchi osavula ndi majuzi omwe.
Sindiwada. Ndi ana aulemu;
wina anadzutsa Chawezi atagwa, namusasa udzu kumsana.
Anatichinya zisanu ndi zinayi.
Chathu chimodzicho anagoletsa Fumbani
ndi phazi lopanda nsapato lija,
nathamanga mpaka ku waya ngati watenga chikho.

Usiku womwewo magetsi atazima ndinayamba kalata,
foni ili kukamwa kuunikira pepala:
tibwezereni ku gulu lachiwiri.
Chiganizo chisanathe ndinakumbukira chaka chatha,
kasukulu ka kuseri kwa Dunduzu,
ana makumi asanu ndi atatu sukulu yonse,
komwe mphunzitsi wa masamu ndiye kochi, ndiye wotunga madzi.
Tinawathira khumi ndi ziwiri, ine ndikuwomba m'manja,
osafunsa za mapazi a munthu.
Goloboyi wawo anavala masokosi m'manja.
Analira osabisa nkhope.

Ndiye kalatayo ikadali pano,
pansi pa makope osachonga.
Sindidziwa pomwe mzere uyenera kudutsa.
Ndikudziwa chabe kuti choko cha a Luhanga chinadutsa msanga,
tiyi asanazizire m'makapu,
popanda wofunsa kuti anawo amadya kangati,
amaweruka dzuwa lili pati,
bwalo lawo lili ndi zitsa zingati
ndipo mbuzi amazithamangitsa ndani mpira usanayambe.

Lolemba Fumbani anandipeza pakhonde la ofesi,
m'mawa wa nkhungu, phiri la Kaning'ina losaoneka.
Aphunzitsi, akuti tibwereza nawo liti?
Ndinati mwezi wamawa, kwawo komweko.
Anayang'ana pansi, chala chachikulu chili chomanga kansanza,
nati, ulendo uno ndisewera wopanda zonse ziwiri,
yakumanja ija mumpatse Sangwani,
amaterereka.