Nambala Naini

Mvula ya ku Bacup siidziwa kukata.
Ndili pa ntchito ya usiku,
thireyi ya mapiritsi m'manja,
ndipo m'chipinda chochezera aja ayambanso:
a Thwaite pa chikuku chawo,
a Holroyd ndodo ili m'mwamba
ngati woyimbira amene waona penate.

Mlandu wake ndi wa dzulo ndi dzana:
mwa onse amene anavalapo nambala naini
ya katimu ka m'tawuni muno,
mwamuna anali ndani?

A Holroyd ali kwa Fenwick.
"Zigoli makumi atatu ndi chimodzi, chaka chimodzi chokha!
Mwendo wamanzere uja unkalankhula.
Goloboyi akamuona ankakumbukira amake.
Atamugula akuluakulu a kumwera
ndalama zake zinafolera denga la bwalo.
Mpaka lero anthu amaonera mpira osanyowa
chifukwa cha mnyamata ameneyo."

A Thwaite akuseka ndi nkhama zokha,
mano awo ali m'kapu ya madzi.
"Chaka chimodzi, kenako n'kukwera sitima!"
Kwathu timati mlendo ndi mame, ndikuganiza,
koma sindinena.
"Nanga Pickersgill?
Zaka khumi ndi ziwiri m'matope omwewa.
Sabata yonse akupakira nsalu kufakitale,
Loweruka n'kumadumphira makona
ndi mphuno yothyoka kawiri.
Ankachinya zigoli zonyansa, sindikana,
za bondo, za ntchafu, china cha khutu,
koma ukonde sufunsa kuti mpira wadzera kuti."

"Panalibe womugula," akutero a Holroyd.
"Anakana yekha."
"Anakana ndani? Tchula."

Mayi Sutcliffe, amene timayesa agona,
akutsegula diso limodzi.
"Nonse mwaiwala Devlin wamfupi uja.
Sankachinya kawirikawiri,
koma anyamata anuwo mipira ankawatengera ndani?
Komanso ankadziwa kuvina."
Diso lija latsekekanso.

Tsono onse akucheukira kwa ine.
"Andy, weruza."
Dzina langa ndine Ndaziona,
koma malilime awo analidula kalekale.
Sindinaonepo ngakhale mmodzi akusewera.
Ndimangodziwa chithunzi cha m'khonde, chofiirira,
anyamata opinda manja pachifuwa,
ambiri a iwo ali kumanda a paphiri paja.

Koma za mtengo wa munthu ndimadziwako.
Wanga unalembedwa papepala,
mapaundi akutiakuti pa ola.
Ndinakwera ndege monga Fenwick anakwerera sitima,
ndipo malata a nyumba ya ku Chirimba
ndinafolera ndine.
Mvula ikagwa bambo sanyowa.
Mng'ono wanga Tiyesere anatsala.
Ndiye amawasambitsa, kuwatembenuza,
kuwamwetsa phala ndi sipuni akamakana,
zigoli za bondo, za ntchafu,
zimene palibe amazilemba.
Akazizimuka usiku kutulo
sindidziwa kuti amaitana ndani.
Sindinafunsepo.

"Imwani kaye mapiritsi," ndikutero,
"mlanduwu ndaukankhira mawa."
A Thwaite akuti woyimbirayu ndi wogulidwa.

Kenako ndikukawagoneka mmodzimmodzi.
Ndikuwavula masokosi a Holroyd,
mapazi ozizira ngati miyala ya mumtsinje,
iwo akundigwira mkono, akunong'ona:
"Pa mipira ya m'mwamba, Pickersgill analibe mnzake.
Ndinamuona akuchinya magazi ali chuchuchu.
Usakamuuze Thwaite."

Ndazimitsa nyale.
M'khonde ndaima pang'ono pa chithunzi chija,
kufuna wa mphuno yopindika.
Alipo awiri.
Ndatulutsa foni m'thumba.
Ku Chirimba ndi pakati pa usiku tsopano,
Tiyesere mwina wangogona kumene.
Ndalemba kuti "Uli maso?"
ndafufuta,
ndalembanso,
belu la chipinda chachinayi likulira.