Chipisi cha pa Wenela

Abiti Mdala anandikulungira chipisi
m'tsamba lothothoka m'buku lakale,
kamchere, katsabola wa kambuzi,
ndipo ndinakabisala pa khonde la sitolo yotseka pa Wenela
kudikira kuti mvula ikate.

Nditamaliza ndinatambasula pepala lija kuti ndipukutire zala.
Mafuta anali atalowerera mpaka kuseri,
ndipo m'mafutamo munali anthu.

Ngolo yokokedwa ndi akavalo, yodzaza thothotho.
Mayi, dengu pamiyendo, mwana akulirira m'khwapa.
Bambo wa chipewa chotalika ngati chumuni
atagonera pa phewa la munthu wosamudziwa,
kukamwa kuli yasa!
M'munsi mwake timawu ta Chifalansa,
sindinamvepo ndi kamodzi komwe,
koma ndinaseka mpaka wogulitsa maambulera anacheuka,
pakuti bambo ameneyo ndimamudziwa.
Amakwera ya ku Chilomoni m'mawa uliwonse,
mkonono amayamba tisanadutse ndi pa Nthukwa pomwe.

M'mawa mwake ndinagula mapaketi anayi.
"Mwakwatira liti kodi?" anafunsa Abiti.
Bukulo anati analigula pa sikelo ku Limbe,
pamodzi ndi nyuzipepala za chaka chatha,
lopanda chikuto, loyambira pa tsamba la makumi atatu.

Pa tsamba lina loya atatambasula manja ngati khwangwala,
misozi ili mbwembwembwe pamaso pa woweruza,
diso limodzi lili pa thumba la mkazi wamasiye.
Pa lina banja lonse lavala za pa Sabata
kuti anthu aliwone likuyenda, nsapato zikuluma.
Pa lina mwini nyumba, mimba patsogolo, makiyi m'chiuno,
akugogoda,
ndipo kuseri kwa chitseko kamunthu kagwira mpweya.
Apa sindinaseke msanga.
A Makwinja amabwera pa wani, kusanache.

Ndinapita nawo masambawo kwa a Kaliwo,
amene anakalambira pa makina osindikizira ku Ginnery Corner,
inki ikadali m'zikhadabo mpaka lero.
Anawanunkhiza kaye. "Mafuta ako ngobwerezabwereza," anatero.
Kenako anavala magalasi.
"Izi ankajambula pa mwala, mphwanga.
Mwala wosalala, choko cha mafuta.
Ukatha umanyowetsa mwalawo ndi madzi,
inki imakakamira pomwe padutsa mafuta,
pa madzi imakana.
Chithunzi chonsechi ndi chidani cha madzi ndi mafuta basi."
Anatinso wojambula ankajambula chotembenuza,
dzanja lamanja kumanzere, lamanzere kumanja,
kuti likatuluka pa pepala likhale bwino.
"Munthu ukafuna kumuseka, umayamba wamutembenuza."

Ndiye ndimaganiza za m'mawa wina ku Parisi,
zaka zana ndi theka zapitazo, kapena kuposa,
munthu watsegula nyuzi, wawona mphuno yaikuluyo,
nkuitana mkazi wake: taona, si neba wathu uyu?
Neba nayenso, kuseri kwa khoma lomwelo,
akugwa nako kuseka, akuloza chakuno.

Onse aja anapita.
Akavalo anapita, zipewa zinadyedwa ndi njenjete,
mwala uja mwina anaupala nkujambulapo wina.
Koma lendi sinafe.
Loya akadalira pa khoti paja, ndamuwona Lachiwiri.

Lachisanu ndinapeza Abiti akukulungira m'mapepala a mayeso a fomu thuu.
Buku latha, anatero, anthu adya.

Madzulo amenewo, anayi-anayi pa mpando wa atatu,
chigongono cha kondakitala chili pakhosi panga,
tulo tinandiba pa Kandodo.
Ndinadzidzimuka pa Nthukwa, dovu lili pa kolala,
phewa la mayi wina litanyowa.
Moyang'anana nane kamtsikana ka yunifolomu yobiriwira
kanatseka kope lake msangamsanga,
pensulo ili kukamwa,
mapewa akugwedezeka.

Sindinakapemphe kuti ndione.
Ndinangogwira mphuno yanga,
kuyeza kutalika kwake.