Sipuni ya Mchere

A Likoswe anajambula dziko pa bolodi,
lobulungira ngati nthudza,
fumbi la choko likuwagwera pansapato.
Anati dziko limakokera chilichonse pakati pake,
mwala, ndege, ngakhale iwe ukuwodzera kumbuyoko,
ndipo kukokako ndiko timati kulemera.
Ukakwera m'mwamba, ukatalikira pakatipo,
dzanja la dziko limafooka pang'ono.

Ndinakweza mkono.
Amayi anga amaswa miyala m'phiri la Soche,
kodi chidebe chawo chimapepuka kumtundako?

Anawerengetsa, nafufuta, nawerengetsanso.
Eya, chimapepuka, anatero:
pa makilogalamu makumi atatu
pamachoka ngati kasipuni ka mchere, kosadzadzanso.
Miyala ndi yomweyo, palibe wabapo,
chasintha n'chikoka chokha.
Kalasi yonse inafa nacho chiseko.

Loweruka ndinabwereka sikelo ya Fanuwelo,
uja amayeza anthu pa Wenela
ndi kuwauza kuti anenepa, kuti abwerenso mawa.
Ndinaibereka kumbuyo ngati khanda
mpaka pomwe nyundo zimayankhizana
ndipo Zingwangwa yense amaoneka ngati malata otayika.
Kumtunda muvi unaima pa makumi atatu.
Kumunsi, m'mbali mwa msewu wa ku Chilobwe,
unanjenjemera, n'kuimanso pomwepo.
Sikelo ya m'tauni siidziwa za masipuni.

Amayi anatula, nachotsa nkhata, naikung'untha.
Iwe, khosi langali ndi sikelo yoposa ya mnzakoyo.
Aphunzitsi akowo sananame.
Mwala umanyamuka uli mwana,
pofika pa mlambe wa magetsi paja wakula,
pofika pano uli ndi zidzukulu.

Sindinawauze kuti chimenecho n'kutopa chabe.
Wa lole anabwera dzuwa litapendeka,
anaponda muluwo ndi nsapato,
natchula mtengo wake osayeza kanthu.

Madzulo ndege inadutsa kuchokera ku Chileka,
anthu ake atapepukako m'mwambamo osadziwa n'komwe,
ife tili pansi pano
pomwe dziko limagwira mwamphamvu.
Amayi anati thira mchere m'ndiwomo, ine msana.
Ndinatapa kasipuni kamodzi,
ndinakakhuthulira m'dzanja, n'kuima nako.
Kameneka ndiko phiri limawakhululukira amayi
paulendo uliwonse,
n'kukawabwezeranso asanafike kumsewu.

Ukudikira chiyani? anafunsa ali chigonere pamkeka.
Mpiruwo ukupsa.