Loweruka Lopanda Mwini

Januwale ku Dolgellau, mdima umagwa faifi isanakwane.
Ine Eirlys, mlembi wa kalabu ya njinga za m'mapiri
chifukwa ena onse anayang'ana pansi tsiku la chisankho,
ndayala kalendala patebulo, pensulo kumano,
ndikusaka Maloweruka asanu ndi limodzi opanda mwini.

Palibe Loweruka lopanda mwini.

Malichi ndi wa nkhosa.
Meirion, yemwe njira yathu imadutsa m'busa lake,
anandiuza atatsamira geti, maso ali kuphiri:
zikamaswa, tayala lisaponde muno.
Epulo ndi wa odula mitengo,
malole awo amasiya msewu wa m'nkhalango uli phala lokhalokha.
Juni wamanga achinyamata pamadesiki a mayeso.
Julayi ambulansi yathu amaibwereka a chionetsero cha zaulimi,
ndipo Ogasiti aliyense walongedza ana m'galimoto, ulendo.

Ndafufuta mpaka pepala labooka pakati pa Meyi.

Chaka chatha, Meyi yemweyo, anabwera makumi asanu ndi atatu.
Dzuwa linawala ngati talilipira.
Magalimoto anandanda mpaka kumpanda wa tchalitchi,
nambala zomangirira kumahandulo zinatha psiti,
zina ndinalemba pakatoni ya mabisiketi.
Tinaledzera nacho chimwemwe,
tinawonjezera mpikisano wina mu Okutobala.

Okutobala anabwera khumi ndi mmodzi.
Ogwira mbendera m'makona analipo khumi ndi anayi.
Mvula inkagwa chopingasa, nkhungu ili mbuu,
wenzulo yanga inalira ngati ikupepesa.
Masangweji zana tinadya tokha mpaka Lachitatu,
Gethin msungichuma anawerenga ndalama katatu
ngati zingaswane m'kachitinimo.

Kumsonkhano aliyense ndi sing'anga.
Iolo akuti ichepe, itatu basi, chosowa chimakoma.
Nesta akufuna Lamlungu, poti Loweruka amagwira kuchipatala,
koma Lamlungu Tegid amaimba limba kutchalitchi.
Uyu akuti tsitsani mtengo wolembetsera.
Uyo akuti chotsani chitsetse cha miyala chija
chinathyola phewa la dokotala wa mano.
Dokotala wa manoyo akuti
mukangochichotsa simudzandionanso.

Sindiwaimba mlandu.
Awa si akatswiri a pakanema.
Ndi okonza mipope, aphunzitsi, woyendetsa basi ya sukulu,
anthu ogula tcheni chatsopano mobisa,
opempha tsiku limodzi kwa bwana,
kwa mnzawo wa m'nyumba,
kwa bondo lomwe layamba kung'ung'udza.
Amalonjeza mu Januwale ndi mtima wonse,
koma Januwale sadziwa kuti denga lidzadontha liti,
kuti mwana adzadzuka thupi lili moto.

Tiyi wazizira. Galu wagona pamapazi anga.
Chala changa chaima pa Okutobala, chikufuna kumudumpha.

Koma pali Mabli.
Wa nambala khumi ndi chimodzi uja,
zaka khumi ndi zinayi, njinga ya mchimwene wake,
chishalo chotsitsidwa mpaka pothera koma chikadali patali.
Anagwa kawiri pamtsinje, ogwira mbendera anawerenga.
Anafika tikumasula kale zingwe,
matope mpaka m'mano, milomo ikunjenjemera,
mabuleki akulira tswii.
Sanafunse kuti wakhala wachingati.
Anati, wotsatira ndi liti?

Ndinamupatsa masangweji anayi m'malo mwa yankho.

Ndaika pensulo pansi, ndatenga cholembera cha inki.
Loweruka lachiwiri la Okutobala, ndalizungulira.
Walira mvula walira matope, Gethin adzatero,
adzatero ndithu, akupukuta magalasi ake.
Ndidzagula masangweji makumi awiri okha.

Inki isanaume foni yalira.
Ndi Meirion.
Akuti waiwala kundiuza pageti paja:
Okutobala ndi pomwe amalowetsa nkhosa zamphongo.