Wa Kapu Atsogole

Magetsi azima teni koloko, uthenga watero,
ndipo batire la laputopu yanga ndi nkhalamba:
mphindi makumi anayi, basi lagona.
Mayeso a pulogalamu yathu alipo mazana atatu,
amadya ola lathunthu ndi nyenyeswa zake.

Ndinawafoletsa motsata alifabeti
monga ankatiitanira mayina ku Mpondasi,
ine Yasini, wotsiriza tsiku lililonse,
dzuwa litandiwotcha kale pakhosi.
Kutsogolo kunaima "akaunti za chaka",
chimphona chonyambita malisiti onse a kiliniki
mmodzimmodzi, chosafulumira.
Kumchira kwenikweni, "zaka za wodwala",
kanthu kosatha ndi sekondi imodzi.
Ndiko kanagwa Lachiwiri lija
nditadikira ola, malaya atamatirira kumsana,
fani itaima ngati yakwiya nane.
Kadontho kamodzi ndinaiwala. Kamodzi!

Asiyatu wa desiki ya pawindo sanakweze n'komwe mutu.
Anati kwawo ku Namwera, pamjigo,
mwana wa kapu sadikira mayi wa mgolo.
Amamwa, napita.

Usiku umenewo ndinawapima onse.
Uyu kuphethira kwa diso,
uyu masekondi asanu ndi anayi,
uyu mpaka tiyi kuzizira.
Opepuka ndinawakokera kutsogolo,
zimphona ndinati khalani pansi, akuluakulu, nthawi yanu ifika.

Tsopano ndikalakwitsa, kufiira kumabwera msanga,
wakabaza asanachoke pamlatho kufika kumsika.
Ndimakonza, ndimayambiranso, batire likadali maso.

Ndinayamba kudzimva.
Kenaka Twaibu anabwera ndi makompyuta ena awiri
ogula pa okushoni, fumbi lili mbuu,
kuti mayeso azithamanga m'mizere itatu.
Nzeru yanga ija inagwa chagada:
awiri amaliza, akuyasamula,
wachitatu akali kubuula ndi chimphona chake yekha.

Twaibu anakhalapo kondakitala wa matola a ku Makanjira.
Anati matumba a chimanga amakwera poyamba,
nkhuku ndi zidebe zimapeza pokhala m'mipata.

Ndiye ndili ndi malamulo awiri otsutsana
olembedwa pakapepala kamodzi pakhoma.
Mzere ukakhala umodzi, wa kapu atsogole.
Ikakhala itatu, kwezani matumba.

Lero zonse zabiriwira m'mphindi makumi awiri ndi ziwiri.
Azana ya masana isanamveke ndatseka laputopu.
Magetsi, mwa mwano wawo, sanazime.