Kubweza Miyala

Bambo anga, a Sixten, ndiwo anauwongola mtsinje uno.
Zaka khumi ndi zinayi, iwo ndi anzawo,
ndi onga, zingwe zachitsulo ndi misana yawo,
ankazula miyala m'madzi n'kuiunjika m'mbali
kuti zipika za paini zitsetsereke osakodwa
mpaka kumakina ochekera matabwa kunyanja.
Ntchito anaigwira bwino.
Madzi anathamanga ngati m'paipi,
opanda pokhota, opanda popumira,
ndipo salimoni yobwera kudzaikira mazira
inapeza pansi pali see ngati mbale yotsuka.

Lero ine ndili m'katapila wachikasu
pakati pa mtsinje womwewo, kuno ku Västerbotten,
kugumula khoma lomwe bambo anamanga.
Udzudzu wadzaza pagalasi.
Majvor, katswiri wa nsomba, waima m'madzi ofika m'chiuno,
akundilozera ndi ndodo:
uwu apa, uwo patsogolo pang'ono,
ayi, utembenuze, nkhope yake ipenye kumtunda.
Sindinkadziwa kuti mwala uli ndi nkhope.

Khuvu! Wagwa.
Madzi adodoma, auzungulira, aununkhiza
ngati galu wokumana ndi mbuye wake wakale,
kenaka kuseri kwake kwabadwa kadziwe
kosakwana n'kusambamo mwana,
koma nsomba yotopa ingapumemo.
Amati madzi saiwala khwawa.
Awa tinawaiwalitsa dala,
tsopano tikuwakumbutsa mwala umodziumodzi.

Nsangalabwi tinachita kugula.
Kugula ndithu, malole asanu ndi awiri,
kudzathira mumtsinje umene unali nazo zakezake.

Loweruka ndinakawatenga bambo kunyumba ya okalamba.
Ndinawakhazika pachitsa, bulangete m'miyendo,
khofi akugwedezeka m'kapu.
Anayang'ana nthawi yaitali, kukamwa kuli tseke.
Ndinkaopa kuti alira, kapena andikalipira.
Kenaka analoza mwala wina wong'ambika pakati,
wokhala ndi chipsera cha choboolera:
"Uwo ndiwo unaphwanya chala cha Helmer.
Sunali pamenepo iai.
Unali kutsidya, patsinde pa mtengo wopendekera uja."
Mtengowo kulibe, unagwa ine ndisanabadwe.
Komabe Lolemba mwalawo ndinausamutsa,
Majvor akuseka, akukonza mapu ake onyowa.

Palibe amene watilonjeza kanthu.
Kunyanja kuli maukonde,
panjira pali damu la magetsi,
ndipo chilimwe chayamba kufunditsa madzi kuposa kale.
Mwina zibwera makumi awiri. Mwina zitatu.
Mwina chaka chino kungokhala zii,
ife n'kumangowerenga masamba oyandama.

Mu Okutobala, usiku wa chisanu cholasa mano,
tinatsetsereka ndi tochi, nsapato zikuterereka.
Pansi pa madzi tinaona chigamba choyera mbee
pomwe nsangalabwi zathu zogula zija zapalasidwa,
ndipo pamwamba pake mthunzi wotalika ngati mkono wanga:
yaikazi, mchira wonyotsoka ndi kukumba,
ikupendekera cham'mbali, ikumenya pansi,
ikufotsera mazira amene sitidzawaona.
Sinatiyang'ane.
Inalibe nafe mangawa.
Majvor anazimitsa tochi, tinangoima mumdima,
mphuno zikuchucha.

Ndinaimba foni ngakhale kunali kutada.
Namwino anang'ung'udza, koma anawadzutsa.
"Zingati?" anafunsa bambo.
"Imodzi."
Chete. Ndinamva akumeza malovu.
"Paja uli pomwepo?" anatero. "Tandimvetsere."
Ndinagwada pamwala wa Helmer,
bondo likuzizidwa mpaka m'fupa,
n'kutsitsa foni pafupi ndi thovu
kuti amve mkokomo
umene iwo anauzimitsa ali mnyamata.
Sindikudziwa anamvetsera mpaka liti.
Batire ndi limene linayamba kutha.